Anandiyeza pa masikelo anayi

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si munthu wabodza. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu, zina kwathu, zina kuno ku Maryland, ndipo m'nyumba yosamalira okalamba imene ndimayang'anira aliyense amadziwa kuti kulemba kulemera kwa wodwala mongoganizira ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Ndinamuchotsapo munthu pa chifukwa chimenecho. Ndanena izi poyambirira kuti pamene muzindiseka, muzidziwa mtundu wa munthu amene mukumuseka. Mudziwenso kuti mkwiyo wa tsiku lija sunathe. Chovuta n'chakuti mpaka lero sindinapeze woyenera kumukwiyira.

Mwana wanga Thokozani anakwatiwa ndi munthu wophunzira, injiniya wa madigiri awiri. Makolo awo anakolola fodya ku Kasungu zaka zambiri kuti mwana wawo afike pamenepo. Anzawo a m'kalasi akumanga milatho ndi zipatala. Akamwini anga, bambo a Tamanda, anasankha kukagwira ntchito m'galaja ya magalimoto a mpikisano, aja athyathyathya a mpando umodzi, othamanga mozungulirazungulira n'kukathera pamene anayambira. (Ulendo wopanda kopita, wopanda katundu, wopanda ngakhale malo onyamulira wodwala.) Choipa koposa, mipikisanoyo imachitika Lamlungu. Ubatizo wa mdzukulu wanga Tamanda unali utasunthidwa kawiri chifukwa bambo ake anali kwina, akumvetsera phokoso la injini, ndipo abusa anali atayamba kundiyang'ana ngati ndine ndikuletsa mwanayo kulowa mumpingo.

Ndikudziwa kuti nkhani yotere imadzera kwa ankhoswe. Koma nkhoswe mmodzi anali ku Lilongwe, kumene kalata imatenga masabata atatu, ndipo winayo ndi dalaivala wa ku ofesi ya kazembe, munthu amene foni yake imayankhidwa ndi makina okha. Choncho Lachinayi lina m'chilimwe, nditachoka ku msonkhano wa amayi a mpingo ku Lanham, ndinadzera kwa Thokozani ku Germantown. Iye anadandaula kuti mwamuna wake waiwala chikwama cha zovala, pomwe thiraki yonyamula galimoto inyamuka faifi koloko kupita ku mpikisano. Ndinati ndikapereka ndine. Mumtima ndinali nditakonza kale mawu anga, mfundo zinayi, zosanjidwa bwino.

Ndinafika m'galajamo cha m'ma wani koloko, ndili mu bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku. Ndinapeza anthu akukangana. Galimoto inali pakati, tayala lililonse litakhala pa sikelo yakeyake, ndipo nthambo zochokera ku masikelo anayiwo zinkalowa m'kabokosi koonetsa manambala. Mwini galaja, mzungu wa nkhope yofiira ndi ndevu zotuwa, ankaponya manja m'mwamba. Akamwini anga atandiona anavula chipewa, nanjuta, n'kundilonjera maso ali pansi monga mwa mwambo. Anandifotokozera mwachidule vuto limene linalipo. Galimoto yotere amaichuna dalaivala ali m'kati, chifukwa kulemera kwake kumasintha mmene matayala akupondera. Dalaivala anali atatsogola kale pa ndege. Matumba a mtovu amene amaika m'malo mwake anali atapita ndi thiraki yoyamba mwangozi. Amakaniko atatu amene analipo anali zimphona zosati n'kulowa m'kabowo kokhalamo dalaivala, ndipo iwo eni akamwini ndi aatali ngati mlongoti.

Ndipamene mzungu uja anandiyang'ana kuchokera ku duku mpaka ku nsapato, n'kundifunsa pamaso pa amuna asanu kuti ndimalemera bwanji.

Tangoganizani. Funso limene malemu amuna anga sanayerekeze kundifunsa m'zaka zonse za ukwati wathu. Munthu wanzeru akanapereka chikwama n'kubwerera kwawo. Ine ndinatsekula kachikwama kanga ka m'manja, ndinatulutsa laisensi yoyendetsera galimoto, n'kumupatsa mzunguyo. Kuno pa laisensi amalembapo kulemera kwa munthu. Panalembedwa mapaundi 155. (Nambala imeneyi ndinaitchula ndekha ku ofesi ya boma chaka chimene ndinafika m'dziko lino. Kumeneko sayeza munthu, amangolemba zimene wanena. Panali patapita zaka khumi ndi chimodzi, komanso nkhuku zokazinga zosawerengeka.)

Mzungu uja anaomba m'manja. Anati ndatumidwa ndi Mulungu, pakuti dalaivala wawo amalemera chimodzimodzi, ndipo msinkhu wathu ndi wofanana. Akamwini anayesa kundipulumutsa. Ananena chapansipansi kuti ndisavutike, zovala za mpingo zingade, apeza njira ina. Ine ndinamva ngati akufuna kundithamangitsa ndisananene mfundo zanga. Ndinaganizanso kuti ndikawathandiza, adzakhala ndi ngongole ya ulemu, ndipo nkhani ya ubatizo sadzaizemba. Ndinawauza kuti ndinathandiza amayi kuchira m'zipatala zopanda magetsi, kukhala pa mpando sikungandikanike.

Kulowa kwake kunali kotere. Ndinakatenga chitenje m'galimoto yanga n'kumanga pamwamba pa siketi. Ndinavula nsapato. Anachotsa chiwongolero, pakuti chimachoka ngati chivundikiro cha poto. Akamwini analamula amuna onse kuyang'ana kukhoma, iwonso n'kutembenuka. Ndinaponda pa mpando, ndinalowetsa miyendo m'mphako yopita kutsogolo, ndinagwira m'mbali, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Pofika m'chiuno, ulendo unaima. Mpando wa galimoto yotere amauumba motsatira thupi la dalaivala wake, ndipo dalaivala ameneyu, mwachionekere, Mulungu sanamupatse chiuno. Ndinapuma mpweya wonse kunja, ndinadzipanikiza, ndipo ndinalowa kuti phwa! Nthawi yomweyo ndinadziwa, monga namwino, kuti chimene chalowa motero sichituluka chokha.

Muja munthu sakhala, amagona chagada, mapazi ali m'mwamba kuposa chiuno, mutu wokha uli kunja. Ndinafungata kachikwama kanga pachifuwa n'kuwauza kuti atembenuke.

Akamwini anayang'ana kabokosi ka manambala. Anayang'ana pepala limene linali m'manja mwawo. Anayang'ananso kabokosi. Kenako anayang'ana denga kwa nthawi yaitali. Mzungu uja anabwera kudzasuzumira, nafunsa kuti mapaundi 38 owonjezerawa achokera kuti.

Anayamba ndi kachikwama kanga. Munali Baibulo, buku la nyimbo, ambulera ndi botolo la mafuta odzola, ndipo atakachotsa nambala inatsika ndi mapaundi asanu ndi imodzi. Onse anasangalala, inenso ndinagwedeza mutu ngati nkhani yatha. Anatsala mapaundi 32. Ine ndinkawadziwa mapaundi amenewo. Ndinkadziwa pamene akhala, ndiponso mbale imene iliyonse inachokera. Lolemba la sabata lomwelo ndinali nditakwera sikelo ya odwala kuntchito, chitseko chili chokhoma.

Anaganiza kuti mwina mu thanki mwatsala mafuta. Anapopa, munatuluka osadzaza kapu. Anafufuza ngati wina waiwala zitsulo m'mimba mwa galimoto. Anatenga chida choonera ngati pansi pali poongoka, nagwada kuyeza sikelo iliyonse. Ananyamula galimoto ndi jeke, ine ndili momwemo ngati mfumukazi pa machira, nasinthanitsa masikelo akutsogolo ndi akumbuyo. Ataitsitsa, mapaundi 32 anali pomwepo, osasuntha. Wotchi ya pakhoma inali itakwana hafu pasiti thuu.

Pamene zonsezi zinkachitika, ndinamvetsa pang'ono chimene chinkawawawa. Akamwini, pofuna kuti ndisatope, ankandifotokozera akuyang'ana tayala. Galimoto ija imatalikirana ndi nthaka pang'ono chabe, bokosi la machesi silingadutse pansi pake. Tayala lililonse liyenera kusenza gawo lake la katundu. Ukapotokola sipuling'i ya kutsogolo kumanzere pang'ono pokha, katundu amasamukira ku tayala la kumbuyo kumanja. Ukakonza kumeneko, kutsogolo kwasokonekeranso. Ukafewetsa kuti igwire msewu pokhota, imakhuza pansi pothamanga. Ukalimbitsa, imakana kukhota, kapena kumbuyo kumafuna kutsogola. Ndipo zonse ukazilinganiza, dzuwa likangotentha pa tsiku la mpikisano, matayala amasintha khalidwe. Zinandikumbutsa nkhalamba ya matenda anayi, imene mankhwala a mtima amaipweteka impso, a impso n'kuikweza shuga. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhalambayi imathamanga liwiro la ndege, muli mwana wa munthu m'kati. Nambala yoyamba ikakhala yabodza, zonse zotsatira n'zabodza. Zimenezi sanafunike kundiuza. Ndimaziphunzitsa ndine.

Tsopano, munthu aliyense wodziwa kuchotsera akanaona kale pamene pali vuto. Koma masikelo aja anali atsopano, ndipo anagulidwa chifukwa akamwini anga anaumirira kuti akale ndi achikale. Mzungu uja sanawakhulupirire kuyambira pachiyambi. Ataona kuti akusemphana ndi chikalata cha boma chokhala ndi chithunzi changa, anapeza chimene ankachifuna. Anati njira yachidule ndi yakuti mayiyu atuluke, ayeze galimoto yokha.

Ndinayesa. Mulungu ndi mboni, ndinayesa mwakachetechete, ndikukankha ndi zigongono, nkhope ili bwinobwino ngati ndikumvetsera ulaliki. Palibe chinasuntha. Ndiye ndinanena bodza lachiwiri pofuna kufunditsa loyamba. Ndinamuuza mzunguyo kuti ine ndine mayi wamkulu, sindingamalowe ndi kutuluka ngati mbewa pamaso pa amuna. Ndinalonjeza kuthandiza, amalize ntchito yawo, ndituluka kamodzi. Ndinalankhula ndi mawu amene ndimalankhulira madokotala achinyamata, ndipo anabwerera m'mbuyo.

Mkwiyo umene analephera kuutulira pa ine anautulira pa akamwini. Anawatchula dzina lawo loyamba, lodulidwa pakati monga amachitira azungu, pamaso pa ine mpongozi wawo. Anati ngati masikelo awa amanama, ndiye kuti mipikisano itatu yapitayi galimoto inachunidwa mwabodza, n'chifukwa chake dalaivala ankadandaula. Anati iye anachenjezedwa kuti asapereke ntchito yotere kwa munthu wa m'mabuku. Anamaliza ndi kunena kuti ikakwana folo koloko mapaundi aja asanapezeke, atulutsa masikelo akale, achuna yekha, ndipo akamwini asavutike kukwera thiraki, kapena kubwera Lolemba.

Akamwini anabwera pafupi ndi galimoto, koma osati pafupi kwambiri, nanjuta pambali pa tayala lakutsogolo. Anayankhula m'Chichewa kuti azungu asamve.

"Amayi, musadandaule nazo izi. Masikelowa ndi amene alakwa. Ndinagula osayenera."

"Mukunena zoona, bambo a Tamanda?"

"Makina amalakwitsa, Amayi."

Sanandiyang'ane, koma ndinaona pepala limene linali pa bondo lawo. Pakona pake, ndi pensulo, panalembedwa 187, ndipo nambalayo inali itafufutidwa ndi chala. Anaidziwa kuyambira mphindi yoyamba. Maola awiri onse aja munthuyu ankagwada pansi, akupopa thanki youma, akunyamula galimoto ndi jeke, kufunafuna chinthu chimene ankadziwa kuti chavala duku. Anali wokonzeka kutaya ntchito, mkazi ndi khanda ali pa lendi, kusiyana n'kuti anene pagulu kuti apongozi ake anama.

Mukuganiza kuti ndinagwidwa ndi chisoni? Ndinapsa mtima. Ndinapsa mtima ndi iwo chifukwa cha ulemu wopusa woterowo. Injiniya wa madigiri awiri kunamizira makina osalakwa! Ndinapsa mtima ndi mzungu wofunsa mafunso osafunsika, ndi boma lolemba zinthu losayeza, ndi dalaivala wopanda chiuno. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinamuitana mzungu uja ndi chala, monga ndimaitanira wantchito amene walakwitsa tchati cha wodwala, ndipo ndinalankhula Chingerezi chomveka bwino kuti ndisabwereze.

"Bambo, masikelo anu alibe vuto, ndipo injiniya wanu alibe vuto. Ine ndimalemera mapaundi 187. Ndinadziyeza Lolemba."

Makaniko wina anayamba kupukuta sipanala yoyera kale.

"Chachiwiri," ndinatero, "sindingathe kutuluka muno."

Ndikanakonda akanaseka. Mzungu uja sanaseke. Anayang'ana kabokosi, anawerengera ndi milomo, nanena mosangalala kuti masikelowo ndi olondola mpaka paundi yomaliza. Kenako anatenga choko n'kulemba nambala yanga pa bolodi la pakhoma, manambala akuluakulu ngati zigoli za mpira. Anawagwira akamwini paphewa n'kuwafunsa chifukwa chimene sananenere msanga. Akamwini anayankha kuti ankafuna kutsimikiza.

Za kutuluka zinabweretsa mlandu wina. Amakaniko anadzipereka kuti andizule. Ndinawauza kuti woyamba kundikhudza adzafotokoza kupolisi. Akamwini, mwachidziwikire, sakanatha. Munthu sagwira apongozi ake m'khwapa ngakhale nyumba ikupsa. Anaimbira Thokozani foni. Ndipo popeza kuchokera kunyumba kwawo ndi ulendo wa theka la ola, ndipo ine sindinkapita kulikonse, mzungu uja anati ntchito ipitirire. Akamwini anakhala pansi ndi pensulo, nawerengera gawo la mapaundi anga owonjezera limene likugwera tayala lililonse, n'kulichotsera pa manambala a m'kabokosi. Atatero anayamba kuchuna.

Ndinagona mmenemo ndikuonerera. Kupotokola pang'ono, kukankha galimoto kutsogolo ndi kumbuyo kuti ikhazikike, kuwerenga, kulemba. Kupita ku tayala lina, chimodzimodzi. Anandipempha kuti manja ndiwaike pamene pamakhala chiwongolero ndipo ndisapume mwamphamvu powerenga. Miyendo inali itachita dzanzi, msana ukuyaka, thukuta likutsikira m'makutu. Komabe pamene makaniko mmodzi anatsamira galimoto nthawi yowerenga, ndinamukalipira ndine, ndipo ndinalamula kuti awerengenso. Ngati munthu wanyozeka kale chifukwa cha nambala, nambalayo ikhale yolondola.

Thokozani analowa Tamanda ali kumbuyo. Anaona mutu wa mayi ake, wovala duku la mpingo, utatulukira m'galimoto ya mpikisano yolembedwa dzina la mowa m'mbali. Anakhala pa mulu wa matayala n'kuseka mpaka mwana anadzuka. Thokozani, mwana amene ndinamubereka ndekha, ndinamulipirira sukulu ndekha.

"Amama, mwapambana nambala chani?"

"Iwe, ndidzakuyankha ndikaima ndi miyendo yanga. Masula mwanayo, tenga chitenje."

Amuna anayang'ananso kukhoma, akamwini atanyamula khanda. Thokozani anaitana mayi wa mu ofesi ya galajayo, ndipo ine ndinawalangiza mmene timanyamulira wodwala wogwa m'bafa: chitenje kudutsa kumsana ndi m'khwapa, wina uku wina uku, mawondo opinda, kukoka pa chitatu. Ulendo woyamba sizinatheke. Wachiwiri bulauzi inang'ambika paphewa. Wachitatu ndinatuluka, koma osati ndekha. Mpando uja unatuluka nane, utandikanirira kumbuyo ngati chigoba cha nkhono, ndipo ndinaima pakati pa galaja wopanda nsapato, mwana wanga akundisenda.

Thiraki inanyamuka mphindi makumi awiri itapitirira faifi, akamwini ali momwemo. Asanakwere anabwera pamene ndinakhala ndikusisita miyendo, nanjuta, naomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Zikomo Amayi, mwatithandiza kwambiri." Nkhope yawo inali ngati ya munthu wa pamaliro. Ndinafufuza m'maso mwawo kuti ndipezemo kachiseko kakang'ono, kuti ndipeze poyambira, koma munalibe. Mfundo zanga zinayi ndinabwerera nazo kunyumba zosatsekula. Munthu sungadzudzule mkamwini amene wangotsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha chiuno chako.

Galimoto ija akuti inamaliza pa nambala seveni, ndipo kwa iwo chimenecho chinali chikondwerero. Ntchito akamwini akadali nayo. Mpaka lero sanatchulepo za tsikulo, ngakhale kwa mkazi wawo, ndipo kusatchulako kumandipweteka kuposa chipongwe. Akanakhala munthu wamwano ndikanadziwa chochita naye.

Phunziro lilipo, ndipo ndikulidziwa: bodza laling'ono limasenzetsa katundu munthu amene sanalinene. Ndimawauza zimenezi anamwino anga atsopano, popanda kutchula kumene ndinaziphunzira. Koma mwezi watha mzungu uja anatumiza uthenga kudzera kwa Thokozani. Akuti matumba a mtovu asoweranso, ndipo popeza nambala yanga ikadali pa bolodi, kodi sindingadzereko Lachinayi? Ndinamuuza Thokozani akamuuze bwanayo kuti afufute bolodi lakelo, chifukwa nambala ija inasintha. Anandifunsa kuti yasinthira mbali iti. Ndinamuuza kuti atuluke m'khitchini mwanga.